Malipiro anga akuthera pamsewu, ndiziyenda bwanji kupita kuntchito m'tawuni?

"Ndinayamba ntchito miyezi 4 yapitayo pa ofesi ina pakati penipeni pa mzinda. Kwathu ndi kunja kwa tawuni, mtunda wa makilomita 14. M'mawa ndimakwera njinga yamoto kuchoka pakhomo kukafika pamsewu waukulu, kamtunda ka kilomita imodzi ndi theka. Pamenepo ndimakwera minibasi mpaka kudepoti, kenako ndimakwera ina yokanditula pafupi ndi ofesi, mwina kilomita imodzi. Madzulo n'chimodzimodzi. Mwezi ukamatha ndimapeza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anga lapita ku thiransipoti. Amuna anga akuti titenge ngongole tigule kagalimoto kakale, pomwe mnzanga wakuntchito akuti tisamukire pafupi ndi tawuni. Ine mutu waima. Njira yotchipa kwenikweni ndi iti?"
Mayi wa ana awiri

Mayi, mtima pansi. Zimene zikukuchitikiranizi sizikusonyeza kuti simudziwa kusamala ndalama. Ndakhala zaka zambiri ndikukonza za mayendedwe a antchito, ndipo pafupifupi aliyense amene wangoyamba ntchito pakati pa tawuni amagwa m'mbuna yomweyi. Sabata yoyamba munthu amasankha njira poopa kuchedwa pamaso pa bwana watsopano, kenako njirayo imangosanduka chizolowezi, osaiunikanso. Yankho lili m'kalata mwanu momwemo, kungoti si limene akupereka amuna anu, komanso si la mnzanu uja.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mumakwera katatu m'mawa ndi katatu madzulo, pamodzi ka 6 patsiku. Munthu wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu amakhala ndi masiku pafupifupi 22 pamwezi, kutanthauza kuti mumapisa m'chikwama ka 132 mwezi uliwonse. Mwa maulendo amenewa, 44 okha ndi amene amakudutsitsani mtunda weniweni. Otsalawo, 88, ndi timaulendo ta kilomita imodzi kapena imodzi ndi theka. Ndowa yanu ikudontha pamenepo.

Ulendo waufupi ndi wodula kwambiri mukauwerengera pa kilomita, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Minibasi ikamayenda mtunda wautali, mafuta ndi malipiro a dalaivala ndi kondakitala zimagawidwa kwa anthu onse amene akweramo. Wanjinga yamoto amanyamula inu nokha, ndipo akakutulani nthawi zambiri amabwerera wopanda munthu, choncho mumalipira kupita ndi kubwerera komwe. Minibasi ya m'tawuni nayo ili ndi mtengo woyambira umene sutsika ngakhale mutsike pasiteji yachiwiri. Mukaphatikiza timitengo tiwiri timeneti, musadabwe kupeza kuti tikufanana ndi mtengo wa minibasi yaikulu ija, mwinanso kuuposa, pomwe mtunda wake ndi makilomita awiri ndi theka okha.

Musanasinthe chilichonse, pezani kakope. Kwa masabata awiri muzilemba ndalama iliyonse imene mwalipira pamsewu, nthawi imene mwatuluka pakhomo ndi nthawi imene mwakhala pampando wanu kuofesi. Ndikudziwa, n'zotopetsa, ndipo ambiri amasiya tsiku lachitatu. Koma mutu wa munthu umangosunga masiku abwinobwino, masiku oipa umawaiwala. Ndinagwirapo ntchito ndi kalaliki wina amene ankalumbira kuti amangokwera basi basi. Atalemba mwezi wathunthu anapeza kuti anakwera takisi katatu: tsiku lina anadzuka mochedwa, lina kunagwa mvula, lina anaweruka usiku. Maulendo atatuwo anamudyera ndalama zokwanira kukwera basi pafupifupi masabata awiri. Munthuyu vuto lake silinali basi ayi, linali ambulera ndi alamu. Mulembenso tinthu togula panjira chifukwa chodikira nthawi yaitali pasiteji, nato n'ta ulendo womwewo.

Tsopano tibwere ku timaulendo 88 tija. Munthu wamkulu wathanzi amayenda pansi pafupifupi makilomita 5 pa ola, ndiye kuti kilomita imodzi ndi mphindi 12. Kuchoka kudepoti kufika kuofesi kwanu ndi mphindi 12 zokha. Yerekezani ndi zimene mumachita panopa: kudikira kuti minibasi idzaze, kenako kukwawa nayo m'misewu yothinana ya pakati pa tawuni m'mawa, pamene galimoto imayenda ngati nkhono. Ndaonapo kambirimbiri woyenda pansi akufika pakhomo la ofesi, mnzake wokwera akadali pamphambano. Kamtunda aka kayendeni pansi kuyambira Lolemba, kupita ndi kubwerera, ndipo maulendo 44 achoka pa bajeti yanu popanda kugula chilichonse, kupatula mwina nsapato zafulati zoyendera, zakuofesi n'kumazisunga m'dirowa.

Kamtunda kakunyumba kaja ndi mphindi 18, ndipo apa sindikukakamizani. Mayi wa ana awiri m'mawa amakhala ndi zambiri, ndipo mphindi 18 si zochepa mwana akataya sokosi. Mungathe kukwera m'mawa, madzulo n'kuyenda pansi ngati mukufika kukadali kowala ndipo njirayo imakhala ndi anthu. Pamenepo mwachotsanso 22, ndipo kulipira ka 132 kuja kwatsika kufika pa 66. Thupi nalo lipindula: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zosachepera mphindi 150 pasabata, ndipo kuyenda kotereku kukupatsani mphindi 210. Koma tsiku limene mwaweruka usiku, kwerani. Foni kapena chikwama chikalandidwa mumdima, zonse zimene munapulumutsa miyezi ingapo zapita usiku umodzi, osanenanso za kuvulala.

Funsaninso ngati palibe basi kapena minibasi ina imene imadutsa pafupi ndi ofesi yanu osalowa kudepoti. Anthu oyamba kumene ntchito amangodziwa msewu umodzi, umene aliyense amaudziwa. Amene amadziwa njira zonse ndi alonda, osesa ndi amesenjala a pa ofesi panupo, chifukwa iwo malipiro awo salola kukwera kawiri. Ine zambiri zimene ndimadziwa pa nkhaniyi ndinaphunzira kwa iwowa.

Nthawi yonyamukira nayo ili ndi mtengo wake. M'mizinda imene mitengo imakhazikitsidwa ndi akuluakulu a mzinda, monga London, sitima zapansi pa nthaka zimadula nthawi imene anthu ambiri akupita kapena kuchokera kuntchito, n'kutsikako nthawi zina. Kumene mitengo imakhala m'manja mwa eni magalimoto, zimachitika zomwezo popanda kulengeza: anthu akachuluka pasiteji kapena mvula ikayamba, mtengo umakwera. Matakisi oitanitsa pafoni ndiye amachita kuonetseratu, mtengo umasintha malinga ndi kuchuluka kwa oitanitsa. Ngati ntchito yanu ingalole kuyamba 7 koloko n'kuweruka 4 koloko m'malo mwa 8 ndi 5, pemphani. Bwana sataya kanthu, inu mumapeza mpando, msewu wopanda mdipiti wa magalimoto, komanso mumafika kunyumba dzuwa lisanalowe, zimene zikupatseni mpata woyenda pansi kamtunda kaja.

Ngati mumzinda wanu muli mabasi akuluakulu kapena sitima zokhala ndi matikiti a sabata kapena a mwezi, pali kasamu kamodzi kofunika. Tengani mtengo wa tikiti ya mwezi muugawe ndi mtengo wa ulendo umodzi. Tiyerekeze kuti yankho ndi 35. Inu mumayenda maulendo 44, ndiye kuti 9 mwakwera ulere, kuphatikizapo a Loweruka ngati tikitiyo ikulola. Koma mwezi umene muli patchuthi kwa masabata awiri, kapena ngati mumapita kuofesi masiku atatu okha pasabata, omwe ndi maulendo pafupifupi 26 pamwezi, tikiti yomweyo yasanduka msampha. Ambiri amagula tikiti ya mwezi mwachizolowezi ngakhale mu Disembala. Mufunsenso ngati kulipira ndi khadi kuli kotsika kuposa ndalama yapamanja, komanso ngati kusintha basi kumalipiritsidwa kawiri. Ku London kuyambira 2016 munthu akakwera basi yachiwiri ola lisanathe salipiranso, ndipo mizinda yambiri ili ndi dongosolo lofananako limene okwera ena salidziwa. Kwina zinafika patali: mzinda wa Tallinn ku Estonia unasiya kulipiritsa nzika zake pa mabasi mu 2013, ndipo dziko la Luxembourg linachotsa malipiro pa mabasi ndi sitima mu 2020. Kumene kuli mabasi oyenda mu msewu wawokha, monga anayambira mumzinda wa Curitiba ku Brazil mu 1974 n'kufalikira ku Bogotá ku Colombia mu 2000, Johannesburg mu 2009 ndi Dar es Salaam mu 2016, nthawi zambiri ndi bwino kuyenda pansi kamtunda kowonjezera kuti mukakwere amenewo, chifukwa sakodwa mumzere wa magalimoto ena ndipo mtengo wake susintha chifukwa cha mitambo.

Kumene kulibe matikiti otere, anthu amadzipangira okha. Anthu 10 kapena kuposerapo a dera limodzi amagwirizana ndi mwini minibasi kuti aziwanyamula nthawi yoikika pamtengo wogwirizana. Zimayenda bwino, koma muzilipira pasabata, osati mwezi wonse pasadakhale. Ndinaonapo gulu lina litalipira mwezi wathunthu, galimoto n'kuwonongeka tsiku lachinayi, mwiniwake foni osayankhanso.

Tsopano za galimoto. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amavulalira. Amuna anu sakulakwa kufuna kuti muziyenda mwaulemu, ndipo ndikukhulupirira kuti akamawerengera akuona mafuta okha. Tiyeni tiyambe ndi mafutawo. Makilomita 28 patsiku kwa masiku 22 ndi makilomita 616 pamwezi. Tingoyerekeza kuti kagalimotoko kamamwa malita 8 pa makilomita 100 alionse m'misewu yothinana, ndiye kuti ndi malita pafupifupi 49 pamwezi. Chulukitsani ndi mtengo wa lita imodzi kwanuko, muone ngati mafuta okhawo sakuposa kale mtengo wa minibasi yaikulu ija ya mwezi wonse. Dziwaninso kuti galimoto imamwa kwambiri ikamangoima ndi kunyamuka mumzere kusiyana ndi pamsewu wotseguka, choncho nambala imene wogulitsa angakuuzeni musaikhulupirire msanga.

Mafuta ndiye mbali yooneka. Walira mvula walira matope. Pali ngongole ndi chiwongoladzanja chake, zimene zimafunika mwezi uliwonse kaya galimoto yayenda kaya yagona kugalaja. Pali inshuwalansi, msonkho wa pamsewu ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino, zolipira chaka ndi chaka. Pali sevisi, oilo, matayala, batire ndi mabuleki. Pa chaka mudzayenda makilomita oposa 7,000 pa ulendo wakuntchito wokha, ndipo galimoto yakale pa mtunda wotere siilephera kufuna china chachikulu, kaya kilatchi, kaya mashoko, kaya giyabokosi. Ndipo pali ndalama ina imene sioneka ikutuluka m'thumba: mtengo wa galimotoyo umatsika chaka chilichonse, mwakuti tsiku logulitsa ndi pamene mumazindikira kuti munkalipira mwakachetechete.

Kenako galimotoyo iyenera kugona penapake maola 8 kapena 9 tsiku lililonse, pamalo amene dothi lake ndi lodula kuposa kwina kulikonse mumzindamo. Ngati ofesi yanu ilibe malo aulere oimikapo, ndalama yoimikira yokha ikhoza kufanana ndi ya mafuta. Izitu sizichitika mwangozi. Mizinda yambiri imadulitsa dala kulowa ndi galimoto pakati pa tawuni pofuna kuchepetsa kuthinana: Singapore inayamba kulipiritsa mu 1975, London mu 2003, Stockholm inakhazikitsa msonkho wake mu 2007. Kumene kulibe msonkho wotere, mitengo yoimikira ndi zindapusa zimagwira ntchito yomweyo.

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuwerengera anthu zinthuzi, sindinapezepo kuti munthu mmodzi m'galimoto yangongole akuyenda motchipa kuposa wokwera basi pa msewu umene basi ilipo. Galimoto imayamba kumveka mipando ikadzaza. Mukakhala anayi n'kumagawana mafuta ndi zoimikira, masamu amasintha kwambiri. Komabe wopindula kwenikweni pamenepo amakhala wokwera nawo, chifukwa ngongole ndi makaniko zimatsalira mwini galimoto. Ndiye m'malo mogula, fufuzani kaye ngati kwanuko kulibe wina wagalimoto amene amalowera m'tawuni nthawi yomweyo, muzimuthandiza mafuta. Mugwirizane poyera za mtengo, nthawi yonyamuka, mphindi zodikirana ndiponso chochita tsiku limene iye sapita. Maubale ambiri otere amatha chifukwa cha zinthu zimene anthu anachita nazo manyazi kukambirana poyamba. Ngati mudzagule galimoto pa zifukwa zina, monga za ana kapena bizinesi, imeneyo ndi nkhani ina, koma musaitche njira yopulumutsira ndalama za thiransipoti. Ndipo mukadzakhala nayo, kumbukirani kuti sikuti iyenera kulowa m'tawuni: kuiimika pamalo otetezeka m'mphepete mwa mzinda n'kumalizitsa ulendo pa basi kumachepetsa mafuta ndi zoimikira zomwe.

Njinga yamoto yanuyanu imamwa mafuta ochepa kwambiri ndipo sivuta poimika, koma mtengo wake wina umalipiridwa ndi thupi. WHO imanena kuti oposa theka la anthu omwalira pa ngozi zapamsewu padziko lonse ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Wofuna njira imeneyi aphunzire kusukulu yoyendetsa, akhale ndi laisensi, inshuwalansi ndi chipewa chenicheni chomanga pachibwano. Ngakhale panopa pamene mukukwera ya wina m'mawa, chipewa musachisiye chifukwa cha tsitsi.

Njinga yakapalasa ndiye yotchipa kuposa china chilichonse chokhala ndi matayala. Pa liwiro wamba la makilomita 15 pa ola, mtunda wanu wonse ndi pafupifupi ola limodzi, kupita kokha. Kwa ambiri zimenezo n'zolemetsa tsiku ndi tsiku, makamaka ngati msewu ulibe mbali ya njinga ndipo kuofesi kulibe posambira. Koma pa kamtunda kakunyumba kaja ndi mphindi 6 zokha. Mukapeza malo odalirika pafupi ndi siteji poisiya, kwa wachibale kapena pamalo a mlonda, njingayo idzabweza ndalama yake m'miyezi yochepa kuchokera pa zimene mukupatsa wanjinga yamoto. Gulani loko yolimba, osati kachingwe. Njinga zamagetsi zimapeputsa mtunda wautali ndi zitunda, koma powerengera muikemo batire, chifukwa imafooka pakapita zaka zingapo ndipo ndi chiwalo chodula pa njinga yonseyo.

Za kusamuka, mnzanu wanena zoona theka. Lendi ndi thiransipoti zili ngati sikelo: mukayandikira pakati pa mzinda, thiransipoti imatsika, lendi imakwera, ndipo eni nyumba amadziwa bwino lomwe kufunika kwa kuyandikirako. Kusamuka kumapindula pokhapokha ngati lendi yowonjezerayo ili yochepa kuposa ndalama zimene banja lonse lipulumutse pamsewu. Ndati banja lonse. Amuna anu amagwira ntchito kuti? Ana sukulu yawo ili kuti, ndipo amene amakuthandizani kuwayang'anira mukachedwa ali kuti? Onjezanipo dipoziti ndi galimoto yosamutsira katundu. Komanso mwangotha miyezi 4 pantchitoyi, ndipo si nzeru kusuntha banja lonse ntchito isanakhazikike. Chimene ndimalangiza anthu ngati inu n'china: mukadzafuna kusamuka, musayang'ane nyumba yoyandikira tawuni, yang'anani yoyandikira siteji ya basi yopita molunjika kuntchito kwanu. Nyumba ya makilomita 14 imene ili mphindi 5 kuchoka pamsewu waukulu imatchipitsa ulendo kuposa ya makilomita 8 yofuna kukwera kawiri, ndipo nthawi zambiri lendi yake siisiyana kwambiri ndi imene mukulipira panopa.

Pitaninso ku ofesi yoona za antchito mukafunse. Makampani ena ali ndi basi ya antchito, alawansi ya thiransipoti kapena ngongole yopanda chiwongoladzanja yogulira tikiti kapena njinga, koma sauza munthu amene sanafunse. M'mayiko ena ndi lamulo: ku France olemba ntchito amayenera kubweza theka la mtengo wa tikiti ya mwezi ya basi kapena sitima. Ngati ntchito yanu ndi yapakompyuta, tsiku limodzi pasabata logwirira kunyumba limachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse zapamsewu. Mukapite ndi kakope kaja. Bwana amamva msanga manambala kusiyana ndi madandaulo.

Pali malo angapo pamene mufunika munthu woti muonane naye maso ndi maso. Ngati mwayamba kale kukongola ndalama za thiransipoti pakati pa mwezi, makamaka kwa okongoza pa chiwongoladzanja chokwera, kaonaneni ndi mlangizi wa zachuma musanawonjezere ngongole ina iliyonse. Ngati inu ndi amuna anu mwatsimikizabe zogula galimoto, makaniko wanuwanu, osati wa wogulitsa, aiunike kaye, ndipo wokongoza akulembereni ndalama zonse zimene mudzakhale mutabweza pofika kumapeto, osati za pamwezi zokha. Musanayambe kunyamula anzanu olipira, funsani kampani ya inshuwalansi, chifukwa inshuwalansi ya galimoto yapakhomo nthawi zambiri siiteteza munthu wonyamula anthu mwa malonda, ndipo malire pakati pa kugawana mafuta ndi malonda amasiyana dziko ndi dziko. Ngati muli oyembekezera, muli ndi vuto la mtima, mphumu, mawondo kapena msana, dokotala akuuzeni kaye mtunda woyenera musanayambe kupalasa kapena kuyenda kwambiri. Ndipo ngati pali dalaivala kapena wokwera nawo amene amakuvutitsani panjira, imeneyo si nkhani ya mtengo, kaneneni kupolisi ndipo sinthani galimoto ngakhale ina ikhale yodulirapo.

Lolemba likudzali tengani kakope, nsapato zafulati ndi ambulera, mutsike kudepoti n'kuyenda pansi, muone wotchi kuti zakutengerani mphindi zingati. Masabata awiri akatha, khalani pansi ndi amuna anu, mulembe masamu a galimoto tsamba lina, a minibasi ndi kuyenda pansi tsamba lina, mafuta ndi zoimikira muwasiyire iwowo kuti awerengere okha.